Nsungwi yothyolera mango ndi waya wa ZESCO

 Lero nkhani ili pa magetsi, makamaka zinthu zimene amadutsamo ndi zimene zimawatchinga.

Mango a kuno ku Chipata amapsa mvula itayamba kale. Mu Novembala ndi Disembala ana a ku Mchini, Navutika ndi Magazine amakhala ali kalikiliki ndi nsungwi zazitali, maso ali m'mwamba, kutokosa mango a kunsonga amene miyala yalephera kugwetsa. Mitengo yambiri m'makomboni amenewa inakula n'kukumana ndi mawaya a kampani ya magetsi ya ZESCO, ina inachita kuwapitirira. Munthu wamkulu akamadutsa amangoponya diso n'kumapita, mtima uli m'malo, poti kusukulu anaphunzira kuti magetsi sadutsa mumtengo. Aphunzitsi sananame, koma ankanena za mtengo wouma. Nsungwi imene yakhala patsindwi chilimwe chonse imatchingadi magetsi a m'nyumba. Yongodulidwa dzulo kudambo, madzi ake adakali momwemo, kapena youma koma yagona pamvula usiku wonse, imatenga magetsi pawaya n'kuwafikitsa m'manja mwa mwana amene waponda matope wopanda nsapato. Apa m'pamene pagona ngozi zambiri: anthu amakhulupirira chinthu chifukwa ndi mtengo, ndi mphira, ndi pulasitiki, osayang'ana ngati chanyowa, chakalamba, kapena magetsi amene chakumana nawowo ndi aakulu bwanji.

Chinthu chilichonse, kaya mwala kaya supuni, chili ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi, ndipo magetsi a m'waya ndi kuyenda kwa tinthu timeneti. M'zitsulo tambiri timakhala tomasuka, moti tikangokankhidwa pang'ono timayenda. M'galasi, m'pulasitiki, m'dongo lowotcha ndi mumtengo wouma timakhala togwidwa zolimba. Madzi ali ndi khalidwe lawolawo. Madzi enieni opanda chilichonse chosungunukamo sadutsitsa magetsi kwenikweni, koma otere amapezeka m'malabotale ndi m'mabotolo othira m'mabatire. A pachitsime, a mumtsinje wa Lutembwe, a pampopi, thukuta, magazi ndi madzi a mumtengo wauwisi, onsewa ali ndi mchere ndi zina zosungunuka, ndipo zimenezo ndizo zimanyamula magetsi.

Kusiyana kumeneku anthu anakutulukira mwangozi. Mu 1729, ku England, Stephen Gray ankayesa kuyendetsa magetsi m'chingwe chachitali chimene anachipachika ndi ulusi wa silika. Zinkayenda bwino mpaka ulusiwo unaduka ndi kulemera kwa chingwe. Iye ndi mnzake Granville Wheler anaganiza kuti chofunika n'chakuti chopachikira chikhale chopyapyala, choncho anasinthira timawaya ta bulasi. Magetsi sanafikenso kumapeto, anathawira m'timawayato. Atabwerera ku silika wolimbirapo, anawayendetsa mtunda woposa mamita 200. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti zinthu zina ndi njira ya magetsi, zina ndi mpanda.

Pa zitsulo zonse, siliva ndiye amadutsitsa magetsi bwino koposa. Wachiwiri ndi mkuwa, kenako golide, kenako aluminiyamu. Siliva ndi wodula, ndiye dziko lonse linakhazikika pa mkuwa, ndipo apa Zambia ali ndi chonena. Migodi ya m'Zambia, makamaka ya ku Copperbelt ndi ya cha ku Solwezi, inatulutsa matani oposa 800,000 a mkuwa mu 2024. Ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA imene imakoka mkuwawo n'kupanga mawaya ndi nthambo. Komabe mawaya amene amaoneka m'mbali mwa Great East Road ambiri si amkuwa. Ndi aluminiyamu, nthawi zambiri wokulungidwa pa waya wachitsulo wapakati womulimbitsa. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umachitira, koma kulemera kwake sikukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu, choncho mapolo amatha kutalikirana waya osaduka.

Kudula kwa mkuwa kwabala mavuto awiri. Loyamba ndi akuba amene amaswa mathiransifoma a ZESCO usiku, kusiya dera lonse mumdima ndi zigayo zitaima, ndipo ena amafera pomwepo. Lachiwiri silimveka phokoso, koma lili m'nyumba zambiri. Ndi nthambo zotchipa zooneka ngati mkuwa pamene m'kati ndi aluminiyamu kapena chitsulo chongopakidwa mkuwa pamwamba. Wogula ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market angathe kuzizindikira yekha. Asende pulasitiki kunsonga, apale kawaya kamodzi ndi mpeni. Mkuwa weniweni umakhala wofiira mpaka m'kati. Wabodza umayera mpeni ukangodutsa. Maginito akaumata, ndiye kuti ndi chitsulo. Nthambo yotere ikalumikizidwa ku ketulo kapena ku chitofu imatentha, pulasitiki yake imafewa, imayamba kununkha, ndipo tsiku lina mawaya awiri a m'katimo amakumana. Amene wapulumutsa makwacha ochepa pa nthambo amakhala wayika katundu wa m'nyumba yonse pachiswe.

Munthu akakweza maso pa polo, aona kuti waya sukhudza mtengo kapena chitsulo. Umakhala pa timbale ta galasi kapena ta dongo lowotcha, ndipo masiku ano ena ndi a mphira wapadera wotuwa. Timbaleti tili ndi milomo yopindikira pansi kuti mvula ikagwa, kunsi kwake kuzikhala kouma, madzi asapange mzere umodzi kuchokera pawaya kukafika papolo. Magetsi akakhala aakulu, timbale timachuluka. Zaka zambiri chigawo cha Kum'mawa chinkadalira kwambiri siteshoni yaing'ono ya Lusiwasi, cha ku Serenje, ya mamegawati 12, ndipo mababu a mu Chipata ankafiira madzulo aliwonse. Cha pakati pa zaka za m'ma 2010 kunabwera mzere wa mavolti 330,000 wochokera ku Pensulo kudzera ku Msoro. Pa zinsanja zake timbale timachita kulendewera ngati mkanda wautali. M'tauni mawaya ambiri apamwamba ndi a mavolti 11,000, ndipo thiransifoma ndiyo imawatsitsa kufika pa 230 amene amalowa m'nyumba.

Chotchinga chachikulu pa mawaya amenewa ndi mpweya. Mawayawo sanakutidwe ndi kanthu, ali maliseche, ndipo chowasiyanitsa ndi anthu ndi danga lopanda kanthulo. Mpweya wouma umapirira mavolti pafupifupi 3,000 pa milimita iliyonse, kupitirira apo umagonja. N'chifukwa chake pa waya wa magetsi aakulu munthu safunika kuchita kukhudza. Chitsulo chikayandikira kwambiri, moto umalumpha. Omanga nyumba amene amakweza malata ndi zitsulo za lintala pansi pa waya, anyamata opachika mlongoti wa wailesi yakanema, ndi okwera pamwamba pa lole yodzaza matumba a chimanga kapena mabelo a fodya, onsewa amachepetsa danga limene ZESCO inasiya mwadala. Mbalame imatera pawaya n'kukhala bwinobwino chifukwa yagwira waya umodzi wokha ndipo sikukhudza nthaka. Munthu woima pansi alibe mwayi umenewo.

Muthiransifoma muli mafuta amene amaziziritsa komanso kutchinga magetsi, moti akuba akawakhetsa thiransifoma imapsa. Chotchinga china chili ndi chibale ndi chigawo chino. Ndi mwala wonyezimira wotchedwa maika, umene umasendeka timapepala topyapyala. Sudutsitsa magetsi, susungunuka ndi kutentha kwa simbi, choncho umagwiritsidwa ntchito m'masimbi ositira ndi m'zipangizo zina zotenthetsa. M'nthawi ya atsamunda maika ankakumbidwa ku Lundazi, m'miyala yomwe pambuyo pake inatchuka ndi akwamarini.

Nanga thupi la munthu lili mbali iti? M'kati mwake ndi madzi amchere okhaokha. Chimene chimaliteteza ndi khungu lakunja, ndipo khungulo limateteza likakhala louma. Akatswiri amayeza kukana kwa chinthu ndi muyeso wa maomu. Khungu louma, lolimba ngati la mlimi, limatha kufika maomu 100,000. Likanyowa kapena likakhala ndi bala, thupi limatsika kufika pafupifupi 1,000. Pa mavolti 230, munthu wouma angadutsidwe ndi mamiliampu awiri kapena atatu, n'kudzidzimuka, kutukwana pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Wonyowa angadutsidwe ndi mamiliampu oposa 200. Kungoyambira pa 10 mpaka 20, minofu ya dzanja imakungika ndipo munthu amalephera kutaya chimene wagwira; ndiko kuja anthu amati magetsi amukoka. Pakati pa 50 ndi 100, mtima umasokonezeka kagundidwe kake. Babu lakale lija la mawati 60 limakoka mamiliampu pafupifupi 260. Magetsi oyatsa babu limodzi lokha ndi okwanira kupha bambo wamphamvu zake.

Ndiye mayi amene anagwirapo chitofu chake mu Okutobala n'kungomva kunyerenyesa, asadzitame kuti anazolowera. Chitofu chomwecho mu Januwale, iye atangokolopa kumene, mapazi ali pasimenti yonyowa, chikhoza kumugoneka pansi. Kunyerenyesa kuja ndi uthenga woti waya wina wasendeka m'kati ndipo ukukhudza chitsulo chakunja.

Zambiri zimene zimavulaza anthu m'makomboni ndi zazing'ono, zozolowereka, zomwe maso anasiya kuziona. Pulagi ikasweka, munthu amasenda mawaya, kuwalowetsa m'mabowo a soketi n'kukhomerera ndi timitengo ta machesi. Wailesi imalira ndithu, firiji imazizira, koma waya wachitatu uja, wobiriwira ndi wachikasu, umangosiyidwa ukulendewera. Ntchito ya waya umenewo ndi kutenga magetsi amene athawira pachitsulo cha firiji n'kuwapititsa m'nthaka, kuti fyuzi iduke msanga munthu asanagwire. Pa pulagi ya mano atatu, dzino lalitali lapamwamba ndi lake, ndipo anachita kulitalikitsa kuti lizilowa poyamba n'kutuluka pomaliza. Wa bulauni, umene m'nyumba zakale ndi wofiira, ndiwo wamoto. Wa buluu, kale wakuda, ndi wobwerera. Fyuzi nayo ndi kawaya kofooka mwadala, ka maampu 3 kapena 13, koti kazipsa m'malo mwa nyumba. Ikaduka, ena amaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ena amadula msomali n'kuyikamo. Zonsezi magetsi amadutsamo bwino kwambiri, ndipo msomali sudzaduka ngakhale nthambo itayaka.

Chipata ndi tauni ya njinga. Kale kuno kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero machubu akutha sasowa pakhomo. Malegeni odulidwa ku machubuwo amamanga chilichonse, nkhuni, makala, mbuzi, ndiye amamanganso mawaya olumikiza. Vuto n'lakuti mphira wa chubu ndi wa tayala amausakaniza ndi mwaye wakuda wa kaboni kuti ulimbe, ndipo kaboni amadutsitsa magetsi. Mtima wa pensulo ndi kaboni yemweyo. Legeni likakhala padzuwa limang'ambikang'ambika, madzi amalowa m'ming'alu. Pepala la pulasitiki la kumsika nalonso limasungunuka ndi kutentha pang'ono chabe. Tepi yeniyeni ya magetsi si yodula, ndipo ngakhale iyoyo sinapangidwire kugona m'matope. Nthambo zolumikizalumikiza zimene zimadutsa pabwalo kuchokera nyumba ina kupita ina, zitakwiriridwa pang'ono m'dothi, m'chilimwe zimangokhala phee. Mvula ikagwa, chithaphwi chimene ana amasewereramo chimakhala ndi moto. Majombo a kumunda nawonso asapusitse munthu. Amene amavala anthu a ZESCO, pamodzi ndi magolovesi awo, amapangidwa mwapadera ndipo amayezedwa.

Palinso waya woyanikira zovala. Ambiri amaumanga kuchokera pa phaso la nyumba ya malata kukafika pamtengo. Nthambo yolowa m'nyumba ikamakhuzika pa mphepete yakuthwa ya lata, kapena makoswe akaitafuna kudenga, denga lonse limagwira magetsi, ndipo waya woyanikirawo umawatenga. Woyanika amabwera ndi manja onyowa, chitenje chonyowa, mapazi pansi. Chingwe cha nayiloni chimathetsa nkhani yonseyi ndi ndalama zochepa kwambiri.

Chaka cha 2024 chinawonjezera zina. Mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo poti magetsi a Zambia oposa 80 peresenti ankachokera m'madzi, pofika Seputembala madera ambiri ankakhala mumdima mpaka maola 21 patsiku. Anthu anathamangira ku masola, mabatire, mainveta ndi majenereta, ambiri akudzilumikizira okha. Batire ya mavolti 12 simenya shoko munthu akaigwira ndi manja ouma, koma sipanala ikagwera pa mitu yake iwiri imafiira ndi moto, ndipo mphete ya chala ikakhudza imawotcha mpaka mnofu. Inveta nayo imatulutsa mavolti 230 omwewo, amene amapha mofanana ndi a ZESCO. Choipitsitsa ndi jenereta yolowetsedwa m'soketi ya nyumba popanda swichi yolekanitsa. Magetsi ake amabwerera m'mawaya a mumsewu, thiransifoma imawakweza, ndipo wantchito amene wakwera polo atatsimikiza kuti wazimitsa amakumana nawo. Kuzimazima kunaphunzitsanso anthu chizolowezi choipa choganiza kuti waya ndi wakufa poti lero si tsiku lawo loyaka. Magetsi amabwera osagogoda.

Tsopano mphenzi, imene ndi magetsi omwewo koma opanda swichi. Imodzi imanyamula maampu pafupifupi 30,000, ndipo pa mphamvu yotere mndandanda wa zotchinga umatha ntchito. Mpweya wa makilomita angapo wagonja kale, ndiye nsapato ya mphira ingachite chiyani? Benjamin Franklin anaonetsa mu 1752 kuti mphenzi ndi magetsi, ndipo chaka chotsatira Georg Richmann anafa ku St Petersburg akuyesa zofananazo m'nyumba mwake. Kuchokera m'ntchito ya Franklin munatuluka chitsulo chosongoka chimene amayika pamwamba pa nyumba zazitali, cholumikizidwa ndi waya wonenepa wopita m'nthaka. Masukulu ndi matchalitchi ambiri a m'midzi, omangidwa pamtetete kapena pachitunda, alibe chitsulo chimenechi, ndipo makomiti awo akanachita bwino kuchiyika pa mndandanda wa zogula.

Kumudzi mphenzi ikapha munthu kapena ng'ombe, nkhani siichedwa kutembenukira kwa agogo ena amene akuti anaitumiza, ndipo mabanja apasukapo pa zimenezi. Ena amati imatsata zovala zofiira, ena amavundikira magalasi odziyang'anira. Mphenzi siona mtundu wa nsalu. Imatsata chinthu chachitali ndi choima pachokha, ndipo mtengo waukulu wa pakati pa munda, umene olima ndi abusa amathawirapo mvula, ndiwo malo oipitsitsa. Ikamenya mtengo, magetsi amamwazikira m'nthaka mozungulira. Ng'ombe imafa msanga kuposa munthu chifukwa miyendo yake yakutsogolo ndi yakumbuyo ndi yotalikirana, moti magetsi amalowera uku n'kutulukira uko, kudutsa pamtima. Ndicho chifukwa chake khola lonse la ng'ombe likhoza kugona pansi nthawi imodzi, mwinanso m'mbali mwa mpanda wa waya, popanda munthu woliloza chala.

Galimoto yotseka imateteza, koma si matayala amene amagwira ntchitoyo. Ndi chitsulo cha thupi lake chimene chimazungulitsa magetsi kunja n'kuwatsitsira pansi. Wa panjinga, wa pamthuthuthu ndi wokwera kumbuyo kwa lole sali otetezeka. Mtunda wa mphenzi umawerengeka: kuchokera pa kung'anima kufika pa kugunda kwa bingu, masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30, ndi nthawi yolowa m'nyumba, kusiya mpopi, kuzula zolumikiza kukhoma, n'kudikira mphindi 30 bingu lomaliza litamveka. Izi zikukhudza osewera mpira, ogwira ntchito m'madimba, ngakhalenso khamu limene limasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale, mvula idakalipo. Munthu womenyedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Amagwiridwa nthawi yomweyo, ndipo ambiri amapulumuka akathandizidwa msanga.

Wogwidwa ndi waya ndi wosiyana, ndipo apa mtima wachifundo ndiwo umapha awiri m'malo mwa mmodzi. Mayi akaona mwana wakakamira pa waya, manja amathamanga nzeru zisanafike. Choyamba ndi kuzimitsa swichi yaikulu ya pamita, choncho aliyense m'nyumba, ngakhale ana a sukulu, adziwe pamene ili. Ngati ili kutali, wothandiza aime pouma, pa thabwa kapena pa mpando wa pulasitiki, akankhe wayawo ndi mpini wouma wa tsache, osati wonyowa, osati wachitsulo. Zimenezi ndi za magetsi a m'nyumba okha. Waya wa mumsewu ukagwa pansi, palibe thabwa kapena nsungwi imene ingathandize. Anthu atalikire mamita 10 kapena kuposerapo, amene ali pafupi achokepo mokhwekhwereza mapazi ali pamodzi, ndipo wina aimbire ZESCO. Wovulalayo apite naye ku Chipata Central Hospital kapena ku chipatala chapafupi ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa magetsi amawotcha m'kati ndipo mtima umatha kusokonezeka patapita maola.

Abambo ndi amayi a mu Chipata, mvula isanakhazikike, yendani kuzungulira nyumba zanu. Yang'anani pamene nthambo ikulowera kudenga, chotsani malegeni ndi timitengo ta machesi, sinthani waya woyanikira ndi chingwe cha nayiloni, ndipo ntchito yolumikiza muisiyire amisiri ophunzira. Mtengo wa mango umene nthambi zake zafika pa waya musaukwere ndi chikwanje nokha. Kauzeni a ZESCO abwere adzazimitse ndi kusadza, ana asanayambe kudula nsungwi.